Sayansi ya Masewera ku Chongwe: Kodi Nzeruzi Zidzafika pa Bwalo la M'mudzi kwa Nkomeshya?

CHONGWE – M'chaka cha 2024 bungwe loyendetsa mpira wa miyendo m'dziko la Zambia, la FAZ, linalengeza kuti lapeza malo okwana mahekitala 80 m'boma la Chongwe, oti pamangidwe likulu losulira osewera, aphunzitsi a mpira ndi oyimbira masewera, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la FIFA. Nkhaniyi inamveka kwambiri pamene mtsogoleri wa FIFA, a Gianni Infantino, anacheza m'dziko muno m'mwezi wa June chaka chomwecho.

M'boma lomwelo, m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ya anthu a mtundu wa Chisoli, muli sukulu ya Chalimbana, imene yakhala ikusula aphunzitsi kuyambira mu 1939 ndipo inasanduka yunivesite mu 2013. Choncho boma limodzi, la anthu oposa 300,000, lomwe likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, lapezeka pakati pa zinthu ziwiri zimene zingasinthe masewera m'dziko lino: malo osulira akatswiri ndi malo osulira aphunzitsi.

Koma mwana wa m'midzi ya kwa Nkomeshya sayambira masewera pa kapinga wothiriridwa. Amayambira pa bwalo la fumbi kuseri kwa sukulu, kukankha chimpombwa, nthawi zambiri alibe nsapato, ndipo womuyang'anira ndi mphunzitsi wa m'kalasi kapena mnyamata wamkulupo amene anasewerako mpira kale. Funso lalikulu ndi lakuti kodi nzeru za sayansi ya masewera zidzamufika munthu ameneyu, kapena zidzathera m'kati mwa mpanda.

Sayansi imeneyi ndi yotani

Sayansi ya masewera ndi maphunziro ofufuza mmene thupi la munthu limagwirira ntchito pothamanga, podumpha, pomenya mpira kapena pomenya nkhonya. Mbali zake zazikulu ndi zinayi: kadyedwe, kayendedwe ka mafupa ndi minofu, kaphunzitsidwe, ndi kapewedwe ka kuvulala. M'maiko olemera ntchitoyi imachitika ndi makamera, makompyuta ndi tizipangizo tovala pathupi, ndipo ichi ndicho chimachititsa anthu ambiri kuganiza kuti ndi nkhani ya matimu akuluakulu okha.

Zotsatira zake zimaoneka poyera pa mipikisano ikuluikulu. Pa masewera a Olympics a ku Paris mu August 2024, Muzala Samukonga anathamanga mtunda wa mamita 400 m'masekondi 43.74 n'kupata mendulo ya nambala yachitatu. Wopambana, Quincy Hall wa ku America, anamaliza m'masekondi 43.40. Kusiyana kwawo sikunakwane ngakhale theka la sekondi. Mendulo ya Samukonga inali yachitatu yokha m'mbiri ya dziko la Zambia pa masewerawa, pambuyo pa ya Keith Mwila pa nkhonya mu 1984 ndi ya Samuel Matete mu 1996. Panapita zaka 28 dziko lisanaonenso mendulo ina.

Palinso nkhani ya chuma. Mu February 2024, Racheal Kundananji anagulidwa ndi timu ya Bay FC ya ku America pa mtengo wa madola pafupifupi 790,000, womwe panthawiyo unali waukulu koposa m'mbiri ya mpira wa amayi padziko lonse. Thupi la wosewera tsopano ndi chuma cha banja ndi cha dziko. Komabe thupi limenelo silimangidwa wosewera atafika pa zaka 20. Limamangidwa, kapena kuonongeka, ali mwana.

Nkhondo yoyamba ili m'mbale

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndipo 58 mwa 100 alionse anali ndi vuto lochepa magazi. Pakati pa amayi ndi atsikana a zaka 15 mpaka 49, vuto lochepa magazi linapezeka mwa 31 pa 100 alionse. Ana amene anawerengedwa chaka chimenecho ndiwo akusewera m'matimu a m'masukulu lero.

Kuchepa kwa magazi kumakhudza masewera mwachindunji. Magazi ndiwo amanyamula mpweya kuchoka m'mapapo kupita ku minofu, ndipo ntchitoyi imadalira ayironi. Mtsikana wosowa ayironi amatopa msanga, amapuma mwawefuwefu, ndipo mphunzitsi wosadziwa amamutcha waulesi n'kumuonjezera maulendo ozungulira bwalo, pamene chofunika ndi kumutumiza ku chipatala kuti akayezedwe.

Akatswiri a kadyedwe amati munthu wochita masewera mwamphamvu amafunika magalamu 1.2 mpaka 2 a chakudya chomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Kwa wosewera wolemera makilogalamu 60, amenewa ndi magalamu 72 mpaka 120. Nsima imapereka mphamvu zothamangira, ndipo ilibe mlandu. Vuto limakhala m'mbale ya ndiwo. Mwamwayi, zambiri zofunikazo zimalimidwa kapena kugulitsidwa m'boma la Chongwe momwemo. Magalamu 100 a nshawa ali ndi magalamu pafupifupi 25 a chakudya chomanga thupi, soya ali ndi oposa 30, dzira limodzi lili ndi 6, ndipo kapenta wouma, woposa theka la kulemera kwake ndi chakudya chomanga thupi, kuonjezera pa kashiamu wa m'timinga take amene amalimbitsa mafupa. Nyemba, bondwe, chibwabwa ndi kalembula zimathandiza pa ayironi, makamaka zikadyedwa pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje kapena malambe. Tiyi womwera pa chakudya amachepetsa ayironi wolowa m'thupi.

Izi zikusonyeza kuti wosewera wa kumudzi safunika ufa wa m'zitini wogulidwa pa mtengo wapamwamba, womwenso nthawi zina umapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'masewera. Chimene akufunika ndi munthu womuuza kuti adye chiyani, ndipo adye nthawi yanji: chakudya chenicheni maola atatu masewera asanayambe, ndi china msanga akangomaliza.

Koma nzeru sizilowa m'malo mwa chimanga. Pa 29 February 2024, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko, chitakhudza maboma 84 mwa maboma 116 ndi kuononga mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a chimanga. M'chaka chotere mwana amafika pa bwalo atadya kamodzi, kapena osadya n'komwe. N'chifukwa chake ndondomeko yodyetsa ana m'masukulu ndi minda ya masukulu ziyenera kuwerengedwa ngati mbali ya chitukuko cha masewera, osati nkhani ya unduna wina.

Madzi nawonso ndi chakudya. M'mwezi wa October kutentha m'chigawo cha Lusaka kumapyola madigiri 30. Wosewera akataya thukuta lokwana magawo awiri pa 100 a kulemera kwake, zomwe kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono, liwiro ndi kuganiza kwake zimayamba kutsika. Chikhulupiriro chakale chakuti kumana osewera madzi kumawalimbitsa n'choopsa. Chizindikiro chosafuna makina ndi mtundu wa mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri, thupi lauma. Ndipo madziwo akhale otetezeka. Mliri wa kolera wa 2023 mpaka 2024, umene unachititsa kuti bwalo la National Heroes ku Lusaka lisanduke chipatala, unaonetsa kuopsa kwa chidebe chimodzi ndi kapu imodzi yomwera timu yonse.

Bondo limathyoka popanda womenya

Mbali yachiwiri ndi ya kayendedwe ka thupi. Mu July 2023, patatsala masiku ochepa kuti mpikisano wa chikho cha dziko lonse cha amayi uyambe ku Australia ndi New Zealand, goloboyi wa timu ya Copper Queens, Hazel Nali, anachotsedwa pa mndandanda ataduka mtsempha wa m'kati mwa bondo, umene madokotala amautcha ACL. Kuvulala kotere kumafuna opaleshoni ndi miyezi isanu ndi inayi mpaka chaka chathunthu munthu asanabwerere m'bwalo. Wosewera wa timu ya dziko amakhala ndi mwayi wa thandizo. Kwa mtsikana wa kumudzi, kawirikawiri pamakhala pothera pa masewera, ndipo bondolo limamuvutitsa pa ntchito za kumunda moyo wake wonse.

Ofufuza apeza kuti kuvulala kwa mtsemphawu, nthawi zambiri, kumachitika popanda kugundana ndi munthu wina. Kumabwera pamene wosewera akutera kuchoka m'mwamba, akuima mwadzidzidzi kapena akukhota, mwendo uli woongoka ndipo bondo likugwera m'kati. Atsikana amakumana ndi ngoziyi kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi anyamata a masewera omwewo.

Chosangalatsa n'chakuti kateredwe kamaphunzitsika. Mphunzitsi akaima kutsogolo kwa mwana amene akudumpha kuchoka pa njerwa, angathe kuona ndi maso ngati maondo akugwera m'kati. Lamulo lake ndi lalifupi: tera ndi miyendo yonse iwiri, pinda maondo ndi chiuno, bondo liyang'ane kumene chala chachikulu cha phazi chikuyang'ana, ndipo usamveke phokoso potera. Foni ya m'manja yojambula kanema ingathandize mwanayo kudziona yekha.

Palinso kusiyana pakati pa mwana ndi wamkulu. Mafupa a mwana amakulira kumapeto kwake, pamalo ofewa amene amalimba akamaliza kutha msinkhu. Mwana wa zaka 10 mpaka 15 amene akudandaula kupweteka pansi pa bondo nthawi imene akutalika msanga sakunama. Akufunika kuchepetsa kudumpha ndi kuthamanga kwa kanthawi. Kumuseweretsa masewera atatu tsiku limodzi pa mpikisano wa m'mudzi, kapena kumuika m'timu ya akuluakulu chifukwa ali ndi luso, ndi kudya mbewu.

Mphindi 20 zimene zinayesedwa

Umboni wamphamvu kwambiri wakuti sayansi imeneyi siifuna ndalama zambiri ndi ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, imene inakonzedwa mu 2006 ndi madokotala a FIFA pamodzi ndi ofufuza a ku Oslo ndi ku Santa Monica. Imatenga mphindi 20, ndipo ili ndi magawo atatu: kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa minofu ya pamimba, ya m'chiuno ndi ya miyendo pamodzi ndi kuima ndi mwendo umodzi ndi kudumpha, kenaka kuthamanga mwaliwiro ndi kukhota. Zofunika ndi mpira ndi zizindikiro zoika pansi basi.

Ku Norway inayesedwa pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, pamene kuvulala koopsa kunatsika pafupifupi ndi theka. Ena angati ku Norway ndi kutali, mabwalo ake ndi ena. Koma mu 2014 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa pa anyamata a ligi ya achinyamata ya mu mzinda wa Lagos ku Nigeria, ndipo kumeneko kuvulala kunatsika ndi magawo 41 pa 100.

Ofufuza onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi: ndondomekoyi imagwira ntchito pokhapokha ikachitidwa kawiri pa sabata kapena kuposerapo, ndiponso mwa njira yoyenera. Amene amaonetsetsa zimenezi si dokotala kapena kompyuta. Ndi mphunzitsi.

Sayansi siilonjeza kuthetsa kuvulala konse. Barbra Banda, amene anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira wa amayi mu Africa mu 2024, anavulala mtsempha wa m'kati mwa ntchafu mu August 2025 akusewerera timu ya Orlando Pride, imene ili ndi madokotala ndi zipangizo zonse. Chimene sayansi imachita ndi kuchepetsa ngozi zopeweka, ndi kuthandiza wovulala kuchira bwino asanabwezedwe m'bwalo.

Mtima ndi mutu

Pali ngozi zina zimene sizithera pa kutsimphina. Pa 29 August 2007, Chaswe Nsofwa, wosewera kutsogolo wa timu ya Chipolopolo, anagwa ndi kumwalira ndi vuto la mtima pa masewera okonzekera a timu ya Hapoel Be'er Sheva ku Israel, ali ndi zaka 28. Patapita zaka 15, mu October 2022, Enock Mwepu wa timu ya Brighton ku England analeka mpira ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atapeza kuti ali ndi matenda a mtima a ku mtundu. Dziko linataya katswiri, koma kuyeza kunapulumutsa moyo.

Si mwana aliyense wa kwa Nkomeshya angayezedwe mtima ndi makina. Koma mphunzitsi aliyense angafunse mafunso atatu nyengo ya masewera isanayambe: kodi mwanayu anakomokapo akuthamanga, kodi amamva kupweteka pachifuwa akamasewera, ndipo kodi pabanja pawo alipo amene anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata. Yankho lakuti inde likutanthauza ulendo wa ku chipatala mwanayo asanalowenso m'bwalo.

Wosewera akagwa popanda womugunda ndipo sakuyankha kapena kupuma bwino, chofunika si kumuthira madzi kapena kumupemerera ndi malaya. Ndi kukankha pakati pa chifuwa mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, pamene ena akuitana thandizo. Mphindi iliyonse yochedwa imachepetsa mwayi wa moyo. Christian Eriksen wa ku Denmark, amene mtima wake unaima pa bwalo mu June 2021, anapulumuka chifukwa thandizoli ndi makina odzidzimutsa mtima zinafika nthawi yomweyo.

Pa nkhani ya mutu, mabungwe a FIFA ndi WHO anakhazikitsa mu September 2024 kampeni yochenjeza za kugwedezeka kwa ubongo. Uthenga wake ndi wakuti wosewera amene wagunda mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kusokonezeka kapena kuona zinthu ziwiriziwiri atuluke m'bwalo ndipo asabwerere tsiku limenelo, ngakhale masewerawo akhale omaliza a chikho.

Ndani adzanyamule nzeruzi

Zonse zimene zatchulidwazi zingaphunzitsidwe m'masiku ochepa. Vuto ndi njira yozifikitsira kumene ana ali.

Dziko la Zambia linayesapo kale njira ya likulu limodzi. Malo a Olympic Youth Development Centre, amene anatsegulidwa ku Lusaka mu May 2010 ndi mtsogoleri wa panthawiyo wa komiti ya Olympics a Jacques Rogge, athandiza achinyamata ambiri. Koma likulu, ngakhale likhale labwino chotani, limalandira mwana amene watha kufika pa chipata. Mwana wa kumudzi amafika pokhapokha wina atamuona, ndiponso ngati thupi lake silinaonongeke kale.

Apa ndi pamene Chalimbana ikulowera. Mphunzitsi mmodzi wa pulaimale amakumana ndi ana mazanamazana pa zaka za ntchito yake, ndipo amatumizidwa kumene wofufuza osewera safikako. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inaika maphunziro olimbitsa thupi ndi masewera ngati imodzi mwa njira zimene wophunzira wa sekondale angasankhe. Njira imeneyi idzakhala ndi phindu ngati ophunzitsawo akudziwa za thupi, osati malamulo a masewera okha. Mgwirizano wa pakati pa likulu la FAZ ndi yunivesiteyi, woti mphunzitsi aliyense atuluke ndi chiphaso choyambirira cha uphunzitsi wa mpira ndi luso la thandizo loyamba, ungafikire masukulu ambiri kuposa mmene likulu lokha lingachitire.

Zopinga zilipo. Chiyambireni maphunziro aulere mu January 2022, makalasi anadzaza, ndipo ngakhale boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 chaka chimenecho, nthawi ya masewera ndiyo imayamba kudyedwa mayeso akayandikira. Ziphaso za bungwe la CAF, zoyambira pa D kukwera mpaka A ndi Pro, zimafuna ndalama ndi ulendo zimene wophunzitsa timu ya m'mudzi mongodzipereka sangakwanitse. Mabuku ambiri a sayansiyi ali m'Chingerezi, pamene pa bwalo la kwa Nkomeshya pamamveka Chisoli ndi Chinyanja. Kumasulira ndondomeko ya mphindi 20 ija pa pepala limodzi la zithunzi, ndi kuifotokoza pa wailesi, ndi ntchito yotsika mtengo kuposa khoma limodzi la nyumba.

Ndalama siziyenera kuchokera ku FIFA kokha. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lili ndi gawo la maphunziro a luso la achinyamata. Makomiti a m'mawodi ali ndi mpata wopempha kuti kusalaza mabwalo a masukulu, kukumba mijigo pafupi nawo ndi kuphunzitsa oyang'anira matimu ziwerengedwe ngati chitukuko. Mafumu nawonso ali ndi mawu. A Nkomeshya Mukamambo II akhala akudziwika polimbana ndi maukwati a ana aang'ono, ndipo mtsikana amene wakhalabe pa sukulu ndiye amenenso amakhalabe pa bwalo. Nduna za m'midzi, zimene zimapereka malo a mabwalo ndi kuloleza mipikisano, zingathe kulamula kuti pasakhale mpikisano wopanda madzi akumwa, wopanda munthu wodziwa thandizo loyamba, kapena woseweretsa ana pamodzi ndi akuluakulu.

Nyumba ndi mabwalo abwino n'zofunika, ndipo matimu a dziko akhala akuzisowa kwa nthawi yaitali. Koma akale anati m'mera mpoyamba. Phindu la likulu la ku Chongwe kwa anthu ozungulira lidzayezedwa ndi ziwerengero zosavuta: aphunzitsi angati a m'bomali alandira maphunziro, masukulu angati akuchita mphindi 20 zija kawiri pa sabata, atsikana angati ayezedwa magazi, ndi mabwalo angati ali ndi munthu wodziwa chochita wosewera akagwa. Ziwerengero zimenezi ndi zimene makolo a kwa Nkomeshya ayenera kufunsa kwa akuluakulu a FAZ, a maphunziro ndi a khonsolo chaka ndi chaka.